Kwa owerenga ndi otsatsa malonda m'magazini yathu: zosintha kuyambira kope likubwerali

Okondedwa makasitomala athu,

Takulemberani kalatayi kuti mumve kwa ife eni, musanamve mphekesera pamsika. Kuyambira kope likubwerali, magazini yathu ya ndakatulo ndi nthano itsika kuchoka pa masamba 32 kufika pa 24, ndipo malonda onse azilipiridwa tisanapite kosindikiza. Mtengo wa kope sunasinthe.

Magazini ya zolembalemba siikhala ndi moyo pa ndalama zogulitsa makope. Chiyambire, amene akhala akulipira mapepala ndi inu amalonda: malo ogona alendo a ku Monkey Bay ndi Cape Maclear, sukulu zoyima pazokha, masitolo a zipangizo zomangira pano pa Mangochi Boma. Magazini zimene zakhalitsa m'dziko muno zili ndi pogwira. Moni, imene idayamba mu 1964 ku Limbe, idali ndi makina osindikizira a Montfort Press, a mpingo wa Katolika, kumbuyo kwake. Ife tilibe makina, tilibe mpingo, tilibe yunivesite. Tili ndi masamba a malonda basi.

Tsono taonani m'mene zinthu zatipanira. Mapepala, inki ndi mapuleti (timalata tonyamula zolemba ndi zithunzi m'makina osindikizira) zonse zimachokera kunja ndipo zimagulidwa ndi madola. Kwacha idagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, nkugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Otisindikizira ku Blantyre adaleka kutipatsa mtengo wokhala mwezi. Lero akuuza mtengo, sabata yamawa akuti udakwera, ndipo safuna kuyatsa makina asanaone ndalama yonse. Akuti nawonso mabanki sakuwapatsa madola. Mwina nzoona, koma amene akupsa ndife. Nanga ife tikatenge kuti ndalamayo pamene amalonda ena amalipira patatha miyezi itatu, ena osalipira nkomwe, makamaka nyengo yotseka nyanja ndalama zikasowa m'tauni muno? Mafuta akasowanso, mitolo ya magazini imagona ku Blantyre kudikira galimoto.

Ena mudzafunsa chifukwa chake tachotsa masamba 8 osati awiri kapena atatu. Magazini yomangidwa ndi masitepulo pakati imapangidwa ndi pepala la A3 lopindidwa pawiri, ndipo pepala limodzi limapereka masamba 4. Sungachotse tsamba limodzi lokha. Tachotsa mapepala awiri pa kope lililonse. Za mitundu nazonso: chithunzi chamitundumitundu chimafuna mapuleti 4, pamene cha inki yakuda yokha chimafuna puleti imodzi. Nchifukwa chake malonda amitundu azikhala pachikuto pokha, kumbuyo ndi m'kati mwake. Ena onse akhala akuda ndi oyera. Ngati chizindikiro cha bizinesi yanu ndi chofiira pamwamba pa buluu, chisintheni, chifukwa mu inki yakuda mitundu iwiriyi imafanana ndipo dzina lanu silidzaoneka.

Tipemphenso chinthu chimodzi. Musamatumize malonda ngati chithunzi wamba pa WhatsApp. Amachifinya, ndipo papepala chimatuluka chosaoneka bwino, nambala ya foni osawerengeka, kenako mlandu nkukhala wathu. Tumizani ngati document, PDF kapena JPEG ya 300 dpi (muyezo wa kuoneka bwino kwa chithunzi), kutatsala masabata atatu kuti tisindikize.

Tidakana maganizo odula ndakatulo pakati kuti tilowetsepo malonda. Malonda azikhala pakutha pa nkhani, ngakhale zimenezi zikutiluzitsa.

Malo alipo a tsamba lonse, theka ndi kota. Mitengo yatsopano ili pa pepala taphatikiza ndi kalatayi. Lipirani pa Airtel Money, TNM Mpamba kapena ku ofesi. Amene mudalipiriratu chaka chonse mulandira makope anu onse. Amene muli ndi ngongole yakale, bwerani tikambirane kabwezedwe kake mwezi uno usanathe.

Tikuthokoza kwambiri nonse amene mwakhala nafe zaka zonsezi, ndipo chonde musatitaye pano pamene zinthu zavuta.

Ife anu,
Akonzi ndi oyang'anira malonda,
Mangochi