Zokopa ziweto zidikire, tiyambe tateteza nkhumba zathu

Akonzi,

Ine sindikugwirizana nawo amene akuti dziko lathu lithamangire zokopa ziweto mu labotale zija munalemba, kutanthauza kupanga chiweto chofanana ndendende chibadwa ndi chinzake kuchokera ku selo ya thupi lake. Anthu akuiwala kuti nkhosa yokopedwa yotchedwa Dolly, yomwe inabadwa mu 1996 ku Roslin Institute ku Scotland, sinabwere mophweka ayi. Anatenga selo ya ku bere la nkhosa yayikulu nkuyiphatikiza ndi dzira lomwe analichotsa kaye kapakati kosunga chibadwa, anagwiritsa kamphamvu ka magetsi kenako nkukaika m'mimba mwa nkhosa ina, ndiye pa mazira 277 inabadwa imodzi yokha basi. Ndalama zimenezo ife tizitenga kuti?

Koma chikundiwawa kwambiri ndi chigodola. Kuno ku Mchinji chikalowa m'khola nkhumba zimangogona osadya, makutu ofiira, mawa lake mukukumba dzenje, komabe pamakhala tina tachikuda topulumuka. Nanga zonse zikanakhala zokopedwa kuchokera ku nkhumba imodzi, chibadwa nkukhala chimodzi, ikanatsala ndi iti?

Boma liike ndalama pa alangizi a ziweto, madibi ndi katemera wa chitopa, ndipo akatswiri a ku Bunda afufuze kuti nkhumba zachikudazi zimapirira bwanji.

Mlimi wa nkhumba,
Mchinji