Kalata ya abusa: tiwavule masokosi ana athu, tione mapazi

Okondedwa abale ndi alongo mwa Ambuye,

Mtendere ukhale nanu nonse. Sabata yatha ndinakayendera banja lina ku Chiputula pamodzi ndi mayi wina wa mumpingo mwathu amene ndi namwino. Tinapeza kamwana ka chaka chimodzi ndi theka, masaya ali tutumu, agogo ake akunyadira kuti mdzukulu wanenepa. Inenso ndinayamikira nawo. Koma mayiyo anamuvula masokosi, n'kudina ndi zala zazikulu pamwamba pa mapazi onse awiri kwa masekondi atatu. Atachotsa zala, panatsala timaenje ngati wadina nsima. Anandinong'oneza kuti, "Abusa, uku si kunenepa ayi, ndi madzi."

Ndinachita manyazi. Kuzizira kwa Mzuzu kuno kumatichititsa kufunditsa ana majuzi, zipewa ndi masokosi, mwakuti mwana amatha kufooka milungu ingapo ife tikuona nkhope yokha.

Kutupa mapazi onse awiri ndi chizindikiro cha kuperewera kwa zakudya m'thupi koopsa, ndipo mwana wotere ayenera kufika kuchipatala tsiku lomwelo. Nthawi zambiri tsitsi limafiira n'kumathothoka, khungu limasupuka, mwana amangokhala duu, chakudya akukana. Wina satupa koma amanyentchera: nthiti pamtunda, khungu la m'matako lili lendelende, nkhope ngati ya nkhalamba. Palinso kupinimbira, kumene sitikuona msanga poti timangoti "wafupika ngati bambo ake". Kafukufuku wa dziko lonse wa 2015-16 anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu ndi opinimbira.

Kusikelo, kaya ku chipatala cha Mapale kaya kwa alangizi a zaumoyo a m'dera lanu, ali ndi kalamba ka mitundu itatu koyezera mkono pakati pa phewa ndi chigongono, kwa mwana wa miyezi 6 mpaka 59. Kobiriwira ndiye kuti ali bwino. Kachikasu, pakati pa masentimita 11.5 ndi 12.5, wayamba kutsika. Kofiira, kuchepera 11.5, zafika poipa. Ngati mwana akutha kudya amamupatsa chiponde chokadyera kunyumba. Ngati akukana kudya kapena ali ndi matenda ena, amamugoneka. Chipondecho ndi mankhwala a mwana mmodziyo, si chopaka pa buledi wa banja lonse, ndipo sichogulitsa.

Tsopano ndilankhule chimene chandilemera mumtima. Ena mwa ife mwana akatupa timati ndi tsempho, kuti mmodzi mwa makolo wayenda njira zosayenera. Ndiye mayi amamubisa mwana m'nsalu poopa kulozedwa chala, bambo ndi mayi n'kumakangana usiku, mwana akumka natupa. Ngati m'banja muli tchimo, bwerani tikambirane, khomo langa n'lotsegula. Koma kutupa kumeneku kumabwera ndi phala la madzi okhaokha, kutsegula m'mimba kobwerezabwereza, malungo, TB kapena HIV, ndi kuletsa mwana kuyamwa msanga. Ena mumabwera naye kuti ndimupempherere. Ndipemphera ndithu, kenaka ndikuperekezani kuchipatala. Pa Marko 5:43, Ambuye ataukitsa mwana wa Yairo analamula kuti amupatse chakudya.

Abambo, kabuku ka sikelo si ka amayi okha. Katseguleni muone mzere wa kulemera kwa mwana; ukaima kapena kutsika, funsani azaumoyo. Ndipo mukamabwerera kunyumba, kachimulu ka usipa wa ku Nkhata Bay kapena nsinjiro zothira m'phala n'zotsika mtengo kuposa mayunitsi amene timathera pa Facebook.

Lamulungu likubwerali tikaweruka, amayi amene ali ndi ana osakwana zaka zisanu musathamangire kunyumba. Anamwino a mumpingo mwathu avomera kuyeza ana m'chipinda cha Sande Sukulu. Bwerani ndi mabuku a sikelo, ndipo muitanenso anansi anu, ngakhale a mipingo ina.

Ine mbusa wanu mwa Khristu.