Ubale wa masukulu wotani woti ife tokha tizipita kwawo?

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandaule kudzera m'nyuzipepala yanu, mwina zifika kwa oyenera kumva. Loweruka lapitali sukulu ya ana athu kuno ku Mabvuku, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, imayembekezera alendo ochokera kusukulu ina ya kumpoto kwa mzinda, ija tinauzidwa kuti tapalana nayo ubale. Aliyense wa kuno akudziwa mmene tinavutikira kukonzekera. Itangokwana 9 koloko, ana ali kale pamzere atavala yunifolomu yosita, ahedi analandira uthenga pa WhatsApp: sitibweranso, makolo athu akuda nkhawa ndi madzi ndi zimbudzi.

Akuda nkhawa ndi madzi! Anadziwa liti kuti mipope ya ku Mabvuku ndi youma? Loweruka m'mawa? Nkhaniyi yalembedwa m'manyuzi kwa zaka zambirimbiri, ngakhale mwana wa giredi 1 amaidziwa. Tsiku la ulendowu anagwirizana teremu itangoyamba. Foni zawo zinafa sabata yonse?

Madzi akuwaopawo analipo. Amayi a komiti ya sukulu analawirira Lachisanu kukadikira pamjigo, kusenza zigubu mpaka madiramu onse anadzaza. Zimbudzi anazitsuka ndi Jik mpaka manja kusupuka. Koma chandiwawa kwambiri ndi nkhuku. Tinasonkha $2 kholo lililonse, enafe ndalama ya tomato wogulitsa m'mbali mwa msewu, kuti ana a mabwana asakanene kwawo kuti anadya nsima ya masamba okhaokha. Uthengawo umafika nkhukuzo zitaphedwa kale, zitasosoledwa, zina zili pamoto. Tsono atiuze ophunzira bwinowo: tizidzutse tikazibweze kumsika wa Mbare Musika? Ana anadya inde, koma amadya misozi ili m'maso, ndipo ife sitinasonkhe kuti tidziphikire tokha phwando.

Ana athu akamapita kwawoko, kombi timalipira tokha ndipo sitinajombepo. Akafika amawaonetsa dziwe losambiramo ndi chipinda cha makompyuta, kuwajambula zithunzi zoika pa Facebook, kuwapatsa mabuku othothoka masamba, basi bwererani kwanu. Akulu anati kachipande ka therere kamakoma n'kuyenderana. Apa akuyenda ndi mmodzi, winayo akungotolera zithunzi zoonetsa kuti ndi wachifundo.

Zogawa masukulu kukhala Group A (a kumayadi a azungu) ndi Group B (a m'makomboni a anthu akuda) zinali za Rhodesia, ndipo dziko lino linalandira ufulu mu 1980. Malamulo aakulu a dziko a 2013, mu gawo 56, amati anthu onse ndi ofanana ndipo amaletsa kusala munthu chifukwa cha umphawi kapena komwe anabadwira. Ndikupempha a District Schools Inspector (mkulu woyendera masukulu) ndi a Unduna wa Maphunziro a Pulayimale ndi Sekondale afunse sukulu imeneyi ngati gawo limeneli amaliphunzitsa, kapena tsamba lake linang'ambika m'buku lawo.

Ndipo poti tanena za malamulo, gawo 6 limatchula zilankhulo 16 zovomerezeka ndi boma, Chichewa chili m'gulumo. Ana athu anakonza ndakatulo ndi nyimbo m'Chichewa ndi m'Chishona, mphunzitsi wina anadzipereka kutsala nawo akaweruka. Agogo awo anachoka ku Nyasaland kudzagwira ntchito m'nyumba, m'mafakitale ndi m'mafamu a dziko lino, koma mpaka lero mwana amachita manyazi kulankhula chilankhulo chake pageti pa sukulu poopa kunenedwa kuti ndi mlendo. Tsiku limodzi lokhali akanaimirira pamaso pa anzawo a kumayadi n'kuchilankhula mokweza. Nalonso alandidwa. 

Ahedi awiriwa asainirane pepala: teremu ino kwathu, teremu yamawa kwawo, ndipo wolephera osanena kutatsala sabata alipire zonse zimene mnzake wawononga. Akakana, ubalewo uthe, tipalane ndi sukulu za ku Tafara kapena ku Epworth, komwe sadabwa kuona chigubu. Ndalama za nkhuku atibwezere teremu isanathe.

Kholo lokhumudwa,
Mabvuku, Harare