Maofesi a lendi mu Mzuzu akumangidwira ndani?

Zikomo a Mkonzi pondipatsa danga m'nyuzipepala yathuyi.

Ndine mayi wa ku Chibavi kuno ku Mzuzu ndipo ntchito yanga ndi yolemba mabuku a ndalama a mabizinesi ang'onoang'ono komanso kuwathandiza pa za misonkho ya ku MRA. Makasitomala anga ambiri ndi amayi aja amakaoda katundu ku Tanzania kudzera pa Songwe, a mahadiweya, a magolosale, kuphatikizapo timagulu tingapo ta alimi. Ndalemba kalatayi chifukwa nkhani ya maofesi a lendi mtauni muno yandisowetsa mtendere kwa nthawi yaitali, ndipo ndikudziwa kuti sindili ndekha, anzanga ambiri akulira chimodzimodzi koma amangodandaulira m'magulu a pa WhatsApp basi nkhani nkuthera pomwepo.

Ndinayambira pabalaza pakhomo panga, tebulo limodzi, laputopu ndi pulinta. Zinkayenda ndithu koma kasitomala akabwera ndi mafayilo ake amapeza ana akuonera TV, nsima ili pamoto, ndiye munthu akukuuza zinsinsi za ndalama zake apa aneba akulowa kudzabwereka mchere. Komanso nthawi ya mvula msewu wobwera kwathu umaterera moti wa kabaza amakutsitsira patali nkukuuza kuti mayi apa yendani wapansi. Bambo wina wa ku Rumphi, munthu wamkulu ndithu, anafika tsiku lina nsapato zili matope okhaokha, malisiti ake atanyowa m'jumbo, anangoti mwana wanga bwanji osapeza kachipinda mtauni. Mawu amenewo ndi amene anandidzutsa.

Amene sakhala kuno mwina sangamvetse chifukwa chake tonse tikukanganirana malo a pakati pa tauni. Mzuzu ndi pomwe msewu wa M1 wochokera ku Lilongwe kupita ku Karonga umakumana ndi wa M5 wotsikira ku Nkhata Bay, ndiye munthu wa ku Chitipa, wa ku Ekwendeni, wa ku Chintheche, wa ku Mzimba boma, onse amatsikira pa depoti imodzi. Ukakhala ndi ofesi chakufupi ndi msewu wa Orton Chirwa ndiye kuti mabanki, positi ofesi, msika waukulu, msika wa Taifa, zonsezo kasitomala wako amangoyenda wapansi osalipiranso kabaza. Kwa munthu amene wadzuka 4 koloko m'mawa kuti abwerenso tsiku lomwelo, kusiyana kwa ofesi ya mtauni ndi ya ku Chibavi ndi kusiyana kopeza minibasi yomaliza kapena kugona pa depoti.

Ndiye mu 2023 ndinayamba kusaka. Choyamba umakumana ndi maajenti, amene amafuna ndalama yongokuonetsa chipinda, ukachikonda kaya usachikonde ndalamayo yapita. Ndinaona zipinda zambiri ndithu ndipo pafupifupi chilichonse amachitcha chamakono. Koma zamakono zake ndi ziti? Matailosi onyezimira, galasi lakuda kutsogolo, chitseko cha aluminiyamu, basi. Chipinda china chomwe sindidzaiwala chinali pa nsanjika yachitatu, kunja kokongola kwabasi moti ndinajambula nkutumizira mchemwali wanga, koma nditakwera masitepe opapatiza aja ndinapeza pakona ya siling'i pali chibanga chakuda cha nkhungu, khoma lake lonyowa ukaligwira, fungo la chinyontho lili thoo. Aliyense wa ku Mzuzu akudziwa mvula yathu kuti simasewera, kwina ikasiya kuno imapitirirabe mpaka mu Epulo ngakhale Meyi, kenako kuzizira kwa Juni ndi Julaye ndi kamvula kowaza kaja. Ine ntchito yanga ndi mapepala, ndingasunge bwanji malisiti a anthu m'chipinda chodontha? Nditafunsa anangoti tipenta musanalowe. Penti satseka denga a Mkonzi.

Ndinafunsa za chimbudzi, anandionetsa chimodzi cha nsanjika yonse, amuna ndi akazi chomwecho, kiyi amasunga mlonda amene nthawi imeneyo anali atatuluka. Thanki ya madzi kulibe. Mita ya magetsi ndi imodzi ya maofesi onse ndiye mumasonkherana mayunitsi, wa saluni amene ali ndi madiraya atatu ndi ine wa laputopu imodzi tizilipira mofanana. Jenereta kulibe, sola kulibe, pomwe tonse tikukumbukira bwino zomwe tinadutsamo mu 2022 namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira, masiku amene magetsi ankatha tsiku lonse osayaka. Munthu amene akumanga nyumba ya maofesi pambuyo pa zimenezija osaganizirako za sola ngakhale yoyatsira makompyuta ndi intaneti yokha, ndiye kuti sanaganizire anthu amene adzagwiremo ntchito. Masiku ano mafomu a msonkho timatumiza pa intaneti, tsiku lomaliza likafika netiweki palibe magetsi palibe, chindapusa chimagwera kasitomala wanga ndipo amene amaoneka wolephera ndine.

Koma chomwe chinandipweteka kwambiri si matailosi kapena chimbudzi ayi, ndi nkhani ya mgwirizano. Nditatopa nkusaka ndinapeza kachipinda kabwinoko pa nsanjika yoyamba, eni ake anafuna lendi ya miyezi 6 nthawi imodzi kuphatikizapo dipoziti, ndinakatenga ngongole ku banki mkhonde nkulipira. Nditapempha kuti tilemberane pepala anandiyankha kuti mayi simukundikhulupirira kodi, ife timapemphera. Ndinachita manyazi nkusiya, ndipo apa ndikuvomera kuti ndinalakwitsa ineyo, munthu woti tsiku lililonse ndimauza anthu kuti sungani malisiti. Mu Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti, sipanathe sabata ndinalandira uthenga pa foni woti lendi yakwera kuyambira mwezi womwewo ndipo ndiwonjezere pa miyezi yomwe ndinali nditalipira kale, apo ayi pali ena akufuna chipindacho. Ndinali nditaika kale mabagala pa zenera ndi ndalama zanga, nditalembetsa chikwangwani, nditauza makasitomala onse komwe ndili. Ndinatuluka mu Januwale, dipoziti sinabwere mpaka lero, akuti inapita ku penti.

Sindikunena kuti eni nyumba asamakweze lendi. Simenti yakwera, malata akwera, ali ndi misonkho ya kukhonsolo, ena anamanga ndi ngongole za kubanki zomwe chiwongoladzanja chake nchowawa, zonsezo ndikuzimvetsa chifukwa mabuku a ena mwa iwo ndimalemba ndine. Chomwe ndikukana ndi kukweza kwa pa foni usiku. Pepala la mgwirizano likanakhalapo bwenzi litanena kuti lendi idzaunikidwa liti, chidziwitso chidzaperekedwa miyezi ingati, denga likadontha akonze ndani, dipoziti idzabwezedwa bwanji, ndipo tonse tikanagona tulo. Ndipo lendiyo izitchulidwa m'makwacha. Ena ayamba kumakuuza mtengo m'madola kuti uziwerengetsa wekha pa tsiku lolipira, koma amayi a ku Taifa amandilipira makwacha, madolawo ndiwatenga kuti?

Palinso nkhani ina yomwe anthu amaopa kuikamba. Malamulo a misonkho amati bizinesi yolembetsedwa ikamalipira lendi izidula kagawo ka msonkho nkukapereka ku MRA, mwini nyumba nkupatsidwa satifiketi yosonyeza kuti msonkhowo waperekedwa m'dzina lake. Ukangotchula zimenezi eni nyumba ena nkhope imasintha, amati ine ndikufuna ndalama yanga yathunthu, za msonkhozo muonjezere pamwamba nokha. Ndiye nchifukwa chake ambiri safuna pepala, safuna kuti pakhale umboni woti nyumbayo ikubweretsa ndalama. Wovutika ndi wa lendi, amene akafuna kutsata lamulo amataya chipinda, akafuna chipinda amaphwanya lamulo.

Ndikaona bwinobwino, maofesi abwino enieni mu Mzuzu alipo, okhala ndi jenereta, madzi, popaka galimoto ndi alonda, koma anamangidwa ndi maso oyang'ana mabungwe ndi makampani akuluakulu. Amabwereketsa nsanjika yonse kapena theka, ukapempha kachipinda kamodzi amakuyang'ana ngati wasochera. Mabungwe ena anatenga nyumba zogonamo anthu ku Katoto ndi ku Chimaliro nkuzisandutsa maofesi, zomwe zinakokeranso lendi ya nyumba m'mwamba. Koma mapulojekiti amatha. Chaka cha 2025 boma la America litadula thandizo lake tinaona tokha ena akupakira mipando m'malole, zipinda nkukhala zotseka miyezi, mwini wake akudikirabe bungwe lina lomwe silikubwera, pamene ife a mabizinesi ang'onoang'ono amene sitichoka mu Mzuzu muno tikuzungulira ndi mafayilo m'manja. Nsanjika imodzi yoteroyo itagawidwa tizipinda tating'ono, polandirira alendo pamodzi, intaneti imodzi, kachipinda kamodzi ka misonkhano kosinthana, aliyense ndi kamita kake ka magetsi, bwenzi itadzaza mwezi umodzi. Mmodzi akatuluka ena asanu ndi awiri akulipirabe.

Ndipo ofuna malo otere ndi ambiri. Yunivesite ya Mzuzu (Mzuni) chiyambireni kuphunzitsa mu 1999 ikutulutsa achinyamata chaka ndi chaka, ena a za makompyuta, ena oyeza malo, ena a zokopa alendo, ntchito za m'boma ndi m'makampani nzochepa ndiye amayamba zawo. Mwana wa mlongo wanga amapanga mawebusayiti, makasitomala ake amakumana nawo m'malesitilanti, amagula fanta imodzi kuti akhale pa tebulo maola awiri. A Mzuzu E-Hub anayesetsa kutsegula malo oti achinyamata azigwirirapo ntchito limodzi ndipo ndikuwayamikira, koma malo amodzi kapena awiri sangakwanire mzinda wonse. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 221,272 mu Mzuzu pomwe mu 2008 tinalipo pafupifupi 134,000, ndiye tangoganizani lero tilipo angati. Malo amene anayamba ngati esiteti ya mitengo yopangira mafuta ya tung mu 1947 nkukhala mzinda mu 1985 akukula mothamanga, koma pakati pa tauni pakadali pomwe paja, misewu yomweyo, ngalande zomwezo.

Apa ndiye ndikupempha akhonsolo yathu. Mukamavomereza mapulani a nyumba za maofesi muziyang'ana zinthu zomwe ife timakumana nazo tikalowamo. Dziko lino linakhazikitsa lamulo loteteza anthu aulumali mu 2012, koma nyumba zatsopano zikumangidwabe za masitepe okhaokha, popanda polowera njinga ya olumala ngakhale pansi penipeni. Ndili ndi kasitomala wina, mayi wochita bwino pa bizinesi ya nsalu amene amayendera ndodo, nthawi yonse yomwe ndinali pa nsanjika yoyamba ija ndinkachita kutsika ndi laputopu nkumakambirana naye pakhonde anthu akudutsa, nkhani za ndalama zake zikumveka kwa aliyense. Zinkandiwawa kwambiri ndipo iye sanadandaulepo ngakhale tsiku limodzi. Popaka galimoto napo muziyang'anapo, chifukwa nyumba ya maofesi makumi awiri yopanda malo oimikapo ndiye kuti magalimoto onse atsekereza msewu, apa masienta apa akabaza, woyenda pansi nkumalowa m'ngalande.

Komanso bwanji osalimbikitsa kuti maofesi ena azimangidwa ku Luwinga? Kuli yunivesite, kuli chipatala chachikulu cha Mzuzu Central, kuli mafakitale, ndipo ndi m'mbali mwa M1 momwe minibasi za ku Ekwendeni, Rumphi ndi Karonga zimadutsa kale. Anthu a chakumpotoko atha kumatsikira konko osalowa mtauni. Kutakhala maofesi abwino kumeneko ngakhale lendi ya pakati pa tauni ingatsikeko chifukwa tingakhale ndi posankha, pano eni nyumba amadziwa kuti ukakana iwe mawa kubwera wina.

Kwa anzanga amene mukusaka ofesi, pitani mukaone chipindacho tsiku la mvula osati la dzuwa, tsegulani mpopi, yesani netiweki muli mkatimo chitseko chotseka, funsani amene ali kale m'nyumbamo kuti dipoziti ya amene anatuluka inabwezedwa kapena ayi. Ndipo musapereke ndalama pepala lisanasainidwe ngakhale mwini wake akhale wa mpingo wanu kapena wakumudzi kwanu.

Pano ndabwerera pabalaza ku Chibavi. Tagwirizana anthu atatu, ine, mnyamata wina woyeza malo ndi mayi wina wothandiza anthu kuombola katundu pa boda, kuti tipeze chipinda chimodzi chachikulu cha pansi tichigawe ndi mabolodi, sola tigula tokha. Tapeza malo awiri, onse eni ake avomera mtengo koma tikangotulutsa pepala la mgwirizano akuti tidzakuimbirani. Wachiwiriyo tikumudikira mpaka kumapeto kwa mwezi uno.

Mayi wokhudzidwa,
Chibavi, Mzuzu