Lipoti la Msonkhano Wokambirana Zodula Malire a Madera a Aphungu

A Wapampando ndi mamembala nonse a komiti,

Ndabwerako ku Lilongwe kumene munandituma kukakhala nawo pa zokambirana za kadulidwe ka malire a madera a aphungu ndi mawodi a makhansala. Malisiti a thiransipoti ndi malo ogona ali kale m'manja mwa a msungichuma. Za malonje ndi zolankhula za alendo olemekezeka sindichedwapo, munalibe chachilendo.

Chimene ndalama yanu yagula ndi phunziro ili: chisankho cha phungu chikhoza kuberedwa pa mapu, voti isanaponyedwe ndi imodzi yomwe. Kwathu kuno phungu amapambana akangoposa anzake, lamulo la 50+1 ndi la mtsogoleri wa dziko basi. Ndiye amene wagwira cholembera podula malire wagwiranso zotsatira.

Tiyerekeze boma lili ndi ovota 50,000 ndi madera asanu, lililonse anthu 10,000. Chipani choyamba chili ndi otsatira 30,000, chachiwiri 20,000. Njira yoyamba yobera ndi kumwaza: otsatira chipani chachiwiri uwagawe 4,000 m'dera lililonse, pomwe anzawo ali 6,000. Agonja ponseponse, mipando 5 kwa 0, chonsecho anthu awiri mwa asanu aliwonse ndi awo. Njira yachiwiri ndi kuunjika. Chipani chaching'onocho chikagwira mapu, chidzapanikiza adani ake 9,000 m'dera limodzi, 9,000 m'dera lina. Otsala 12,000 agawidwa 4,000 m'madera atatu enawo, momwe icho chili ndi 6,000. Chatenga mipando itatu ndi anthu ochepa. Onani kuti madera onse ndi ofanana chiwerengero, palibe angaloze chala. N'chifukwa chake kuwerenga mitu kokha sikukwanira, pafunika kuyang'ananso kumene mzere wadutsa ndi chifukwa chake.

Ku America mchitidwewu, womwe amautcha gerrymandering, unazika mizu chifukwa m'zigawo zambiri andale eni ake ndiwo amajambula mapu. Ku North Carolina mu 2016 chipani cha Republican chinapeza mavoti pafupifupi 53 pa 100 aliwonse, koma chinatenga mipando 10 mwa 13. Nkhaniyi itafika ku khoti lalikulu la dzikolo mu 2019, oweruza asanu mwa 9 anagamula kuti makhoti a boma lalikulu alibe mphamvu pa madandaulo oti malire akondera chipani. Ku Michigan anthu sanadikire khoti. Mu 2018 anavota kuti ntchitoyi ichoke m'manja mwa aphungu ipite ku komiti ya nzika wamba 13: anayi a chipani china, anayi a chinzake, asanu opanda chipani, osankhidwa mwa maere pakati pa omwe anafunsira. Ine ndinaiwombera m'manja njira imeneyi, ngakhale ena m'chipindamo ankati kwathu maere sangatheke.

Lamulo lathu pa pepala ndi labwino kuposa la North Carolina. Gawo 76 la malamulo aakulu a dziko likupereka ntchitoyi ku bungwe loyendetsa zisankho la MEC, ndipo likuti madera akhale ndi chiwerengero chofananako cha anthu oyenera kulembetsa, osati olembetsa kale. Zololedwa kusokoneza kufananako ndi kuchulukana kwa anthu pamalo, kuphweka kwa mayendedwe ndi kulumikizana, zinthu monga mitsinje ndi mapiri, komanso malire a maboma omwe alipo. Nyumba ya Malamulo imavomereza, koma siingasunthe malire payokha popanda MEC kupempha.

Vuto lathu lakhala kuchedwa. Madera 193 anakhala chikhalire kuyambira chisankho cha 1999, mizinda ikukula. Pofika 2019 dera la pakati pa mzinda wa Lilongwe linali ndi ovota oposa 100,000, la Likoma osakwana 10,000, koma aliyense phungu mmodzi, ndi thumba la ndalama za chitukuko cha m'dera la CDF lofanana. Za Likoma ndi zomveka, ndi chilumba. Koma kusiya malire osakhudzidwa zaka zoposa 20 nakonso ndi kukondera, kungoti kwachinunu. Kauniuni yemwe anachitika MEC ili pansi pa Justice Chifundo Kachale anakweza madera kufika 229 ndi mawodi kuchoka pa 462 kufika 509, ndipo ndiwo tinavotera pa 16 September 2025. Olembetsa anali pafupifupi 7.2 miliyoni, mukagawa ndi 229 mupeza 31,000 ndi kenakake. Nambala imeneyo tiisunge, ndiyo muyezo woyamba wa dera lathu.

Ambiri pa msonkhanowo anagwirizana zopempha kuti madera awonjezedwenso. Ine sindinakweze dzanja. Phungu aliyense woonjezera ndi malipiro, ngongole ya galimoto ndi CDF ina, ndipo kuwonjezera mipando ndi njira yozembera funso lovuta loti madera a anthu ochepa aphatikizidwe.

Pano ndinene za kwathu, poti zinatsala m'khosi. Nthawi yomwe maganizo a anthu ankafunsidwa pa malire atsopano, komiti ino siinatumize munthu, tinathera misonkhano kulimbirana amene alandire alawansi. Lero midzi ya kutsidya kwa mtsinje ili mu wodi yomwe khansala wake safikako dzinja lonse, ndipo omwe ankatsekereza ulendo uja ndiwo akudandaula mokweza. Sinditchula maina, koma maminitsi alipo.

Zochita ndikupempha ndi izi. A mlembi apeze mapu a dera lathu ndi mawodi ake, ndi chiwerengero cha olembetsa pa senta iliyonse ya 2025. Tiwonkhetse masentawo wodi ndi wodi, tione kusiyana kwake. Kenako tiyende ndi magulupu, tilembe mudzi uliwonse womwe mzere waudula pakati kapena waulekanitsa ndi mfumu yake yaikulu, msika wake ndi chipatala chake, tionjezepo mtunda wa makilomita kukafika ku senta ndi miyezi yomwe mtsinje suwolokeka. Dandaulo loti "anthu sakukondwa" silisuntha mzere. Lokhala ndi dzina la mudzi, nambala ndi mapu ena osonyeza pomwe mzerewo ukanadutsa ndi lomwe limamveka. Tisamale ndi andale ofuna kutilipirira ntchitoyi, chifukwa amene akufuna mpando amadziwa kale midzi yomwe akufuna ichoke m'dera lake.

Ndikupempha kuti nkhaniyi ikhale yoyamba pa ajenda ya msonkhano wa mwezi wa mawa, ndipo tisankhe anthu atatu oyendetsa ntchitoyi, mmodzi mwa iwo achokere kutsidya kwa mtsinje.

Ine nthumwi yanu.