Kalata kwa mnzanga amene wangoyamba kumene za intaneti

Mnzanga wokondedwa,

Ndasangalala kwambiri kumva kuti wapeza foni ya intaneti, tsopano tiziyankhulana pafupipafupi osati kudikira miyezi ngati kale. Wafunsa kuti uyambire pati, ine ndikuti yamba ndi imelo, za Facebook ndi TikTok zibwera zokha, zimenezo munthu sachedwa kuzidziwa.

Mwinanso imelo uli nayo kale osadziwa. Foni ya Android imafuna akaunti ya Google kuti Play Store, kumene umatenga ma app, itseguke, ndiye kawirikawiri amene anakukonzera foni tsiku loyamba amangotsegula adiresi ya Gmail, imene ndi imelo ya Google, mothamanga, pasiwedi n'kutsala nayo yekha. Lowa mu Settings upeze pamene alemba Accounts uwone adiresi imene ilipoyo. Ngati pasiwedi yake sukuidziwa tsegula ina yako lero lomwe, ndi yaulere. Dzina sankha loti sungachite nalo manyazi ukamafunsira ntchito, dzina lako lenileni ndi la bambo basi, mayina otchulana pocheza aja asiye. Adiresi iliyonse imakhala ndi kachizindikiro ka @ pakati, kumanzere dzina lako kumanja kampani imene ikusunga makalata ako, anayambitsa zimenezi ndi katswiri wa makompyuta Ray Tomlinson mu 1971. Pomulembera munthu adiresi uziyang'anitsitsa, chilembo chimodzi chokha chikalakwika kalata imabwerera kapena kukafika kwa munthu wosamudziwa.

Tsono apa ndi pamene ndikufuna undimvetsetse bwino. Imelo ili ngati kiyi wa chitseko chachikulu, amene waigwira amalowa zipinda zonse, chifukwa ukaiwala pasiwedi ya Facebook kaya ya akaunti ina iliyonse, kawirikawiri linki yosinthira amaitumiza ku imelo komweko. Ndiye pasiwedi yake isakhale chaka chimene unabadwa kapena dzina la mwana wako kapena 123456, lumikiza mawu angapo osagwirizana uikemo manambala, ikhale yaitali, ndipo usaigwiritsenso ntchito kwina. Ilembe m'kabuku usunge pamene umasunga mapepala ofunika, palibe cholakwika pamenepo. Google ikakufunsa nambala ya foni yobwezeretsera akaunti chonde usadumphe, anthu ambiri amadina Skip kenako foni ikabedwa zithunzi, manambala a abale, makalata a ntchito zonse zimapita. Ndipo popeza uli kutaliko mwina tsiku lina udzasintha simu, ukadzasintha ukasinthenso nambalayo mu akaunti simu yakaleyo isanafe. Yatsanso 2-Step Verification, njira yoti polowa uzitsimikizanso ndi foni yako kuti ndiwedi, monga polemba manambala obwera pa meseji, imachedwetsa pang'ono polowa koma wakuba ngakhale atadziwa pasiwedi amakakamira pomwepo chifukwa foni yako alibe.

Kulemba kwenikweni sikovuta. Pa To uika adiresi, pa Subject mutu wa nkhani mwachidule, usasiye popanda kanthu makamaka ukamalembera ku ofesi, anthu amene amalandira makalata ambiri amayamba kuwerenga mutuwo. Kachizindikiro kooneka ngati kawaya kopanira mapepala ndi komatira zikalata, satifiketi kapena CV uzitumiza ngati PDF, mtundu wa fayilo wosasintha maonekedwe, kuti zikatseguke bwino kulikonse. Gmail imalola 25 MB pa kalata imodzi, ndipo malo aulere amakupatsa 15 GB koma umagawana ndi Google Drive yosungira mafayilo ndi Google Photos yosungira zithunzi ndi mavidiyo, ndiye mavidiyo akachuluka n'kudzadza makalata atsopano amasiya kulowa. Ukamadikira yankho lofunika osalipeza suzumira mu Spam, mmene amaponyamo makalata okayikitsa, nthawi zina makalata abwinobwino amagwera mmenemo ndipo pakatha masiku 30 amafufutika okha. Uzilowamonso mwa apo ndi apo, akaunti ya Google ikakhala zaka ziwiri osaigwiritsa ntchito atha kuichotsa.

Za akuba zimandidetsa nkhawa kwambiri chifukwa iwe ndiwe munthu wokhulupirira anthu. Udzalandira makalata akuti wawina mphoto pa mpikisano umene sunalowe, ena akuti akaunti yako itsekedwa lero ukapanda kudina linki, logo yake yeniyeni chilichonse chooneka bwino. Usafulumire, kukuthamangitsako ndiye nyambo yawo. Dina pa dzina la wotumizayo uwone adiresi yonse, kawirikawiri imakhala yachilendo yosagwirizana ndi kampani imene akuitchulayo. Manambala aja amabwera pa meseji ukamalowa mu akaunti usamuuze munthu aliyense, ngakhale ataimba n'kunena kuti ndi wa ku banki, ngakhale meseji itabwera ndi dzina langa, chifukwa akaunti ya ine nayonso itha kubedwa. Ukakayikira ndiimbire umve mawu anga.

Bandulo imatha msanga ndi mavidiyo, imelo ya mawu okha sidya data yambiri. Mu WhatsApp thimitsa zoti zithunzi ndi mavidiyo azingolowa okha, ma update a ma app uzichita ukapeza Wi-Fi. Ukalowa pa kompyuta ya eni uzikumbukira kudina Sign out, kutseka tsamba kokha sikutuluka ayi.

Ukamaliza kutsegula unditumizire kalata yoyamba pa adiresi ija ndinakupatsa, umatepo chithunzi chako ndi ana, ndawasowa kwambiri ndipo pomwepo ukhala waphunzira kumata chikalata. Pamene pakuvute jambula sikirini unditumizire tidzaonera limodzi. Undiperekere moni kwa onse kumeneko.

Ndine mnzako wa nthawi zonse.