Tisasiye kuvota pa pepala

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhe amene akuti Malawi asiye mapepala ovotera, tizingodina batani pa makina. Ine ndikukana.

Tikumbukire chisankho cha pulezidenti cha 2019. Chimene chinathandiza khothi kuchithetsa pa 3 February 2020 ndi mapepala a zotsatira, aja opakidwa Tipp-Ex. Oweruza anawagwira m'manja, pofufutidwa anapaona ndi maso awo. Manambala aja akanasinthidwira m'kati mwa makina, ndani akanadziwa? Agogo anga sadziwa kompyuta, koma amatha kuima pasukulu pamene avotera n'kumaona mavoti akuwerengedwa limodzilimodzi, oimira zipani ali pomwepo. Magetsi akazima, anthu amayatsa nyali, ntchito n'kupitirira.

Anzathu a ku Namibia anayamba kuvota ndi makina mu 2014, koma mu 2020 khothi lawo lalikulu linagamula kuti kugwiritsa ntchito makina osasiya umboni wa papepala n'kosemphana ndi malamulo. Ku Germany khothi linanena mu 2009 kuti munthu wamba ayenera kutha kutsatira kawerengedwe ka mavoti popanda kukhala katswiri.

Ndikuvomereza, pepala limachedwetsa zotsatira ndipo kusindikiza kumadya ndalama zambiri. Koma masiku 8 amene malamulo amapatsa bungwe loyendetsa zisankho la MEC kuti lilengeze wopambana pa upulezidenti, ine ndingawadikire ndi mtima wonse.

Wowerenga wanu,
Zomba